Tsiku Limene Tinatsala Pang'ono Kuika Maliro a "Khonde Lathu"

...ndiye galuyo, wamkulu ngati ng'ombe yapangolo, atandiona ndi mtolo wa nyuzipepala pamutu anakhala pansi n'kundipatsa njira, poti nayenso amadziwa kuti uthenga wa makolo suchedwetsedwa. Ndisanafike n'komwe pomwe anandiperekeza mpaka pageti, Wapampando anamenya tebulo nati, "Alembi, galuyo mukamumalizire kwanu. Tsegulani buku." Ndatsegula.

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA "KHONDE LATHU", NYUZIPEPALA YA MWEZI NDI MWEZI YA MAKOLO A M'DERA LATHU

Tsiku: Loweruka, pa 14 Juni
Malo: chipinda cha kuseri kwa shopu ya fotokope, pakati pa makatoni a mapepala
Nthawi yoyambira: 2:20 masana (tinapangana 2 koloko)

Opezeka: Wapampando (mphunzitsi wopuma), Anamwino (opuma, ndiwo amayankha mafunso a makolo), Mayi a Saluni, Wosindikiza (mwini fotokope), Dalaivala (amagawa nyuzipepala), Wowotcherera zitsulo, Mlembi (ineyo, wometa wodziwika mpaka kutsidya kwa msewu waukulu).
Osapezeka: Telala, anapepesa kuti mkwati wina wanenepa diresi litasokedwa kale.

1. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anaziwerenga ndi mawu omveka bwino moti odutsa panja anaima. Wapampando anachotsamo ziganizo zitatu zimene anati sizinachitike. Zotsalazo zinavomerezedwa.

2. Kagawidwe ka nyuzipepala

Dalaivala anati mwezi watha anagawa makope mazana atatu, koma mtima unamupweteka atapeza ena akukulungira tomato pamsika, ndipo lina litatsekera windo losweka la minibasi. Mlembi anayankha kuti windolo tsopano likudziwa kaletsedwe ka mwana kuyamwa kuposa makolo ambiri. Anawonjezera kuti kometera kwake anthu amaiwerenga mpaka tsitsi kumeranso ali pabenchi. Wapampando anati zimenezo zisalembedwe.

Wosindikiza anati makina sakudandaula, wodandaula ndi msana wake, chifukwa kupinda makope onsewo kumamudyera Loweruka lathunthu ali yekha.

3. Ganizo lotseka nyuzipepala

Mayi a Saluni anabweretsa ganizo loti "Khonde Lathu" ithe, ya mwezi wathayo ikhale yomaliza, zonse zisamukire pa gulu la pafoni limene iwo amayang'anira. Anati m'gulumo muli makolo oposa mazana awiri, ndipo munthu akafunsa 8 koloko, ikamati 8:05 wayankhidwa kale.

Anamwino anavomera kuti mayankho amafikadi msanga. Anati sabata yatha mayi wina anafunsa za zidzolo za khanda n'kulandira mankhwala khumi ndi amodzi, ena mwa iwo oilo wa galimoto. Dalaivala anayang'ana pansi.

Mayi a Saluni anati bokosi la mafunso, lija lamatabwa tinakhoma m'kanjira ka kuseri kwa shopu ino kuti woponya kalata asaonedwe, lasanduka nyumba ya akangaude. Anamwino anati mwezi uno mwapezeka makalata atatu. Mayi a Saluni anati, "Atatu! Amayi, kwanga mauthenga atatu amalowa ndisanamalize kuyetsemula."

Wosindikiza anasisita msana n'kuvomereza ganizolo. Dalaivala naye anagwedeza mutu. Anamwino, amene ayankha makalata a m'bokosimo zaka zisanu ndi zinayi osadumphitsa mwezi, anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwaika m'chikwama. Wapampando anafunsa ngati alipo wina wofuna kunena kanthu tisanakweze manja.

4. Mawu a Wowotcherera

Wowotcherera anaimirira. Ndi bambo wa ndevu zoti mpheta ingamangemo chisa, ndipo chilowereni m'komiti mawu ake onse sangadzaze kapu. Anafunsa ngati tikukumbukira kalata ya chaka chatha yosainidwa "Kholo Lotopa", ya mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amene ankakodza pogona. Tonse tinaikumbukira.

"Ndinalemba ndine," anatero.



Anati ankamumenya mwanayo m'mawa uliwonse, akuganiza kuti ndi ulesi. Matiresi ankayanika m'nyumba, makatani otseka, kuopa maso a aneba. Mwana anasiya kuseka, anzake akamuitana kukacheza ankanamizira mutu. Ndiye nyuzipepala inatuluka ndi yankho la Anamwino, limene iye analinena pamtima: "Ndodo siumitsa matiresi. Mwanayo sakuchita dala, ndipo manyazi ake ndi aakulu kuposa anu. Pitani naye kuchipatala." Anapita. Adokotala anapeza vuto loti chithandizo chake chilipo. Pano yatha miyezi itatu zofunda zili gwa.

Kenako anatembenukira kwa Mayi a Saluni.

"Mayi, pafoni panupo pamatuluka nambala yanga, ndi chithunzi changa nditavala suti ya paukwati. Ndikanafunsa 8 koloko, ikamati 8:05 dera lonse ladziwa kuti ndi mwana wa ndani. Lolemba anzake akanamupekera nyimbo kusukulu."

"Nanga achimwene, bwanji osanena nthawi yonseyi?" anafunsa Mayi a Saluni.

"Ndi zimenezotu, mayi. Sizinenedwa. Zimaponyedwa m'bokosi."

Anati mwa makalata atatu a mwezi unowo imodzi ndi yake. Mwezi wa Ogasiti kalasi ya mwanayo ikupita paulendo wokagona masiku awiri. Mwana akufunitsitsa, komanso akuopa kuti mwina zingamuchitikire pakati pa anzake. Iye sakudziwa kaya amulole kaya amukanize. "Mukatseka lero, ndikafunse kwa yani? Kwa a oilo?"

Dalaivala anati nkhani ya oiloyo ithe, anangomva kwa mnzake.

Anamwino anatulutsanso magalasi. Anati itatuluka kalata ya "Kholo Lotopa" analandira ena asanu ndi imodzi a vuto lomwelo, ena ochokera m'nyumba zamipanda yaitali. Wapampando anawapempha kuti angomuyankha bamboyo pomwepo. Anakana. Anati yankho liyenera kulowa m'nyuzipepala, chifukwa paulendo umenewo sapita mwana mmodzi, ndipo makolo ena akudikira yankho lomwelo osalimba mtima kufunsa.

Mayi a Saluni anaika foni yawo pansi, zimene sizinachitikepo chiyambire dziko. Kenako anati, "Kalata ija ya nsabwe za m'mutu mwa mwana... musandiyang'ane choncho. Mwini saluni akanafunsa zimenezo pagulu, akanabweranso ndani kudzalukitsa?" Mlembi anafunsa ngati alembe. Iwo anati, "Lembani, zinafa zonse." Anachotsa ganizo lawo.

5. Zomwe tagwirizana

Wapampando anati safunsa anadya phula, koma wofunsa naye amafuna pofunsira posamuvula. Anapempha ofuna kuti nyuzipepala ipitirire akweze manja. Anakwera manja asanu ndi limodzi, wotsutsa panalibe. Dzanja la Mlembi linakhudza denga.

(a) "Khonde Lathu" ipitirira, ndipo bokosi likhala pomwe lili.
(b) Makope azipindidwira ku saluni. Mayi a Saluni anati makasitomala awo amakhala maola anayi manja ali pamiyendo, pakamwa pokha ndiye pakugwira ntchito. Wosindikiza anawongoka msana nthawi yomweyo.
(c) Gulu la pafoni lizilengeza kuti nyuzipepala yatuluka. Za mankhwala lisamakhudze.
(d) Anamwino ayankha "Kholo Lotopa" pa tsamba loyamba la Julayi, ulendo wa sukulu usanafike.
(e) Aliyense analonjeza kuti mwini kalatayo sadziwika kunja kwa chipinda chino, ngakhale kwa akunyumba kwathu.

6. Zina ndi zina

Dalaivala anapempha kuti tsamba la Anamwino lizikhala m'kati, kuti wokulungira tomato aziyamba wang'amba la nkhani za Mlembi. Pempholi linakanidwa ndi Mlembi. Mlembi anapempha kumaliza nkhani ya galu. Linakanidwa ndi onse.

7. Kutseka

Msonkhano wina udzakhalako Loweruka, pa 12 Julayi, ku saluni, aliyense abwere ndi zala zopindira. Anamwino anatseka ndi pemphero lalifupi nthawi ili 4:05 madzulo, ndipo potuluka anaima pabokosi paja n'kuchotsa ukonde wa kangaude ndi mpango wawo.

Wapampando: ____________________
Mlembi: ____________________

Mawu owonjezera: Wapampando akana kusaina mpaka ndiulule chimene ndapeka. Si galu ayi, galuyo alipo, bwerani ndidzakuonetseni. Ndapeka Wowotcherera. Komiti ino ilibe wowotcherera zitsulo, ndachita kumuumba ndekha, ndevu ndi suti yomwe. Wodziwa masamu waona kale kuti mayina a opezeka ndi asanu ndi awiri koma manja anakwera asanu ndi limodzi. Mawu onse aja ananenedwadi, ndipo anawanena ndi mmodzi wa ife otsalafe. Aliyense wa ife ali ndi mwana kapena mdzukulu pakhomo, ndipo buku lino limawerengedwa ndi aliyense wolipempha. Amene mtima ukumuyabwa kuti adziwe, alembe funso lake aponye m'bokosi. Anamwino amayankha za matenda onse, ndi a miseche omwe.