Padi Yachiwiri

17 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno m'thupi tili bwino. Mudabwa kulandira kalata m'malo mwa foni. Pafoni mukandifunsa ndimangoti "bwinobwino", ndiye ndati ndiyese pepala, mwina zimene pakamwa pakukana dzanja lingalole.

Nyumba ino ndi yabwino monga munaonera pa zithunzi zija. Ili m'mwamba, mawindo ake ndi aakulu, pansi pali msewu wosatha magalimoto. Oyandikana nawo timangokumana pa masitepe, kugwedezerana mutu basi. Ntchito sindinaipezebe. Alamu anu akachoka m'mawa, wocheza naye ndi ketulo.

Mukuikumbukira gemu ya pa TV ija, imene ine ndi alamu anu tinkasewera mpira kunyumba yakale? Inu munkatiseka kuti akuluakulu athunthu kumalimbirana zidole. Komatu inali ndi ubwino wake. Kungoilumikiza ku TV, aliyense kutenga padi yake yoseweretsera, n'kukhala pa sofa phewa ndi phewa. Ndikati ndimwetse chigoli iwo ankandiphimba m'maso, ine n'kuwagunda ndi chigongono. Wogonja ndiye ankatsuka mbale.

Titafika kuno anagula kompyuta yamphamvu, akuti ya ntchito. Ntchito yake ndaiona. Kunena zoona, zithunzi zake n'zosayamba: udzu ukugwedezeka kamodzikamodzi, nkhope za anthu ngati zenizeni. Iwo amati pa kompyuta magemu ndi ankhaninkhani, ikakalamba umangosintha kachipangizo kamodzi osagula ina, ndiponso mausi, kolozera ka pa kompyuta kaja, imalasa pamene ukufuna kuposa padi. Zonsezo sinditsutsa, ngakhale masiku ena imawazunguza, Loweruka lonse kutha ataiphwasula, tizitsulo tili mbwee pa tebulo, akung'ung'udza. Chimene sanatchule n'chakuti kompyuta ili ndi mpando umodzi. Anaiika pakona moyang'ana khoma, ndiye ine gawo langa ndi msana. Akavala mahedifoni m'makutu amaseka, kukuwa, kulangizana ndi anzawo amene sanaonanepo nkhope. Mawu amenewo, Achemwali, kale anali anga.

Ndinayesa ndithu. Anandikhazika pampandopo, koma mabatani anandichulukira, adani anandipha ndisanasunthe n'komwe. Anandisisita paphewa. "Uzolowera, mayi." Kenako anzawo anawaitana, ine n'kunyamuka.

Choncho masana ndimayatsa yakale ija n'kumasewera ndi makina. Makina sanyoza, sakwiya, sabera. Kutopetsa kwake!

Sabata yatha anabwera ndi mnzawo wa kuntchito, wamtali wa magalasi. Akuti adzaione gemu ya pa TV ija kuti aigule, poti ikungodya fumbi. Ine osandifunsa. Ndinanama mlendo ali pomwepo.

"Inawonongeka," ndinatero. "Siyaka."

"Liti? Bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuzani nthawi yanji?"

Mlendo anayang'ana nsapato zake n'kutsanzika. Atangotuluka, alamu anu anagwada patsogolo pa TV kuti aikonze. Anangodina kamodzi, iyo n'kuyaka, nyimbo yake kudzaza nyumba yonse. Manyazi ake! Pa TV panatuluka chikho chimene ndinatenga ndekha, timu yanga ili pamwamba. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaona padi yanga, mabatani atafufutika ndi zala, ndiponso yawo ili mbuu m'kabati.

"Kodi umasewera ndi ndani?"

"Ndi ndaninso? Ketulo sadziwa mpira."

Sanaseke. Anapukuta padi yawo ndi malaya n'kukhala pambali panga. Ndinawachinya mopanda chisoni, mpaka anati ndikubera, n'kuyamba kundilanda padi, tonse kugwera pansi ndi phwete. Ndinali nditaiwala kuti ndimaseka mokweza choncho. Tikuti tibwereze, foni yawo inalira. Anzawo aja anali akudikira, akuti timu siyikwana popanda iwo. Anandiyang'ana ngati mwana wopempha kupita kosewera. Ndinati pitani. Ndikanati chiyani?

"Mawa tibwereza," anatero.

Mawa lakelo mpaka lero silinafike. Komabe za kugulitsa sanatchulenso, ndipo dzulo pamene ndimadutsa ndinaona atavula hedifoni khutu limodzi. Kaya ndi chiyambi, kaya khutu linangowayabwa, sindikudziwa.

Musawaone ngati munthu woipa. Samwa, sayendayenda, sanandikalipirepo. Kuntchito akuwapanikiza, ndipo nawonso kuno ndi mlendo ngati ine. Mwina anzawo osaonekawo ndi amene akuwalimbitsa mtima, ndiye ndingawalande bwanji? Kungoti kusowa munthu amene ali kutali n'kwabwino, umadziwa chimene ukulirira. Nanga kusowa munthu amene ukumva kupuma kwake m'chipinda chomwecho, umakadandaula kwa ndani?

Chonde Amayi musawauze. Akamva asiya kugona, ayamba zoti ndibwerere. Muwauze kuti ndanenepa.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu masana mukasonkhana nonse, mundiimbire, koma musavutike n'kufunafuna zondiuza. Foniyo mungoisiya pa tebulo. Ndikufuna kumva ana akukangana, alamu akutsokomola, Amayi akukalipira amene wasiya chitseko chotsegula. Ine ndizimvetsera kuno, sindisokoneza.

Mupereke moni kwa onse, makamaka kwa kamtsikana kanu kotsiriza. Mukauze kuti mayi ake aang'ono sanakaiwale, ndipo muzikaonetsa chithunzi changa, kuopa tsiku lobwera kangadzandithawe.

Ndine mng'ono wanu wokusowani.