Zenera Lochokera ku Lilongwe

Kwa Kanduku,
P.O. Mwanza.
19 Okutobala 1975

Okondedwa achimwene a Kinsley,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Lilongweko kumene mukumanga likulu la dziko lonse, pamene ife kuno kanyumba kamodzi katitengera zaka. Kuno tili bwino ndithu. Dzuwa lokha ndilo lakwiya, ndipo mbuzi zasenda mitengo ya manachesi ya amayi ija moti ndachita kuitchinga ndi minga.

Zenera lachitsulo lija munatumiza linafika bwinobwino, popanda galasi losweka. Dalaivala wa lole ya kumalire uja ndi munthu wamtima wabwino mopitirira muyeso. M'malo molisiya paboma monga munapanganirana, anakhota n'kudzalitsitsa pakhomo penipeni, masanasana, mudzi wonse ukuona, amayi ena mpaka nthungululu. Zikomo kwambiri, achimwene. Koma pali nkhani imene sindinakulembereni m'makalata onse aja, ndipo lero ndiinena yonse.

Mukukumbukira kuti amayi atamwalira chaka chatha, inu munabwerera kuntchito maliro atangoikidwa. Tsiku lometa kunabwera azakhali a Iness, mlongo wawo wa abambo, kuchokera ku Neno. Anapempha kuti abambo asudzulidwe abwerere kwawo, poti mkazi amene anadzera kuno wapita, ana takula, ndipo mbumba ya ku Neno ilibe mwamuna woiyang'anira. Pamwambo wathu palibe akanakana. Amalume a Jailosi anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako anati abambo, alamu awo, ayambe amaliza nyumba imene anayamba kumangira amayi, mlongo wawo wa amalumewo, ikadzatha adzawasudzula. Abambo anavomera pamaso pa anthu a mbali zonse ziwiri.

Nyumbayo mukuidziwa. Njerwa anaumba okha ndi chikombole chosema okha, uvuni anawotcha okha, chonsecho umisiri sanauphunzire kwa munthu, anangouba ndi maso kwa amisiri a kumishoni. Nthawi ya maliro khoma linali litatha, malata ali pamwamba. Kunatsala zitseko ndi mazenera basi, ntchito yoti inu mukanaigwira mukuimba mluzu.

Ndiye abambo anayamba maukadaulo awo. Matabwa ogula anawakana, akuti ndi chakudya cha chiswe. Anakadula mlombwa kuphiri, kucheka okha, n'kunena kuti uume kaye pamthunzi mpaka utapepuka. Misomali anaikananso, akuti chitseko chenicheni chimagwirana ndi zikhomo zamtengo. Thabwa limodzi ankalipala m'mawa wonse, kuliyang'ana ndi diso limodzi, kulipalanso, mpaka nkhuku zinazolowera kuikira mazira m'zopalapala zawo.

Nawonso amalume sankaphonya. Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi ankadzera pano, manja kumbuyo, kuzungulira nyumba ngati woyang'anira misewu. Lero chitseko chikukhula pansi, mawa felemu yapendekera, mkucha khonde lachepa. Abambo osatsutsa ngakhale kamodzi, ankangozula n'kuyambiranso. Ine zinkandipweteka mumtima, ndipo pakamwa panga mukupadziwa. Tsiku lina ndinawatsatira amalume kunjira n'kuwafunsa ngati iwo anakhomapo ngakhale kampando m'moyo mwawo, popeza khola lawo la nkhunda linagwa ndi mphepo ya mwera. Anandiyang'ana osakwiya, nati, “Iwe Esinati, wakula msinkhu wokha. Ukufuna nyumbayi ithe?” Ndinachita manyazi, komanso kuyambira tsiku limenelo amalume ndinawakonda kuposa kale.

Zitseko zitatha ndipo zifukwa zitayamba kusowa, kunatsala zenera limodzi, la kuchipinda cha amayi. Limenelo abambo analipanga n'kulikana okha kangapo. Loyamba lili pakhola la nkhuku, lina ndimaikapo mbale. Mudzi wonse unkadziwa zimene zikuchitika, ndipo aliyense podutsa ankangofunsa mwaulemu ngati zenera likumvera, abambo n'kupukusa mutu. Azakhali akatumiza uthenga, yankho linali lomwelo lakuti nyumba sinathe, ndipo silinali bodza.

Kalata ija abambo anakudandaulirani kuti zenera limodzi likuwasowetsa tulo, ndinalemba ndine ndi dzanja langali, ndikuseka chamumtima. Ndinaiwala kuti ndikulembera inu, munthu amene chiyambire ubwana simuona chinthu chopendekera osachiwongola. Ndikanangowonjezera mzere umodzi pansi pake. Choncho ngati pali wolakwa, si inu ayi.

Lole itachoka, ndinayesa nzeru zanga. Ndinati zenera lokongola chotere tilisunge, lidzagwire ntchito pa nyumba yanu mukadzafuna kumanga. Abambo ankangopukuta magalasiwo ndi malaya awo, kutsegula ndi kutseka kachogwirira kaja. Amalume anafika ali wefuwefu, nayamba kunena kuti chitsulo chimachita dzimbiri, ndiponso sichingagwirizane ndi mazenera ena amatabwa. Apo ndi pamene abambo anawatsutsa koyamba. Anati, “Alamu, mwana watumiza. Ndikaliponya kuseri kwa nkhokwe, akadzabwera ndidzamuuza kuti chiyani?”

Analiika m'mawa mwake. Anagumula njerwa zochepa m'mbali, kuyeza ndi chingwe chomangirira mwala, kutchinga ndi timitengo, kenako kumata ndi kasimenti kamene ankasungira pakhonde. Sindinawaonepo akugwira ntchito mwachangu ndi mwaluso chotero. Anthu asanaweruke kumadimba zonse zinali zitatha, ndipo abambo anakhala pansi kuyamba kupaka mafuta sowo ndi tchizulo zawo.

Lamulungu amalume anabwera monga mwa nthawi zonse. Anazungulira nyumba, kukankha zitseko, kugogoda mafelemu, kusuzumira kudenga, kubwereranso pazenera lanu n'kuligwedeza ndi manja awiri. Ine ndinali pakhomo la khitchini kupemphera kuti apeze kanthu, ngakhale kamng'alu. Pomaliza anakhala pakhonde pafupi ndi abambo, navula chipewa.

“Alamu, nyumba yatha.”

“Yatha, alamu.”

Anakhala pamenepo mpaka tiyi amene ndinawapatsa anazizira. Ine ndinakalirira kumunda.

Ndawachonderera abambo kuti akhale, poti nyumbayi pamwambo ndi yanga ndipo ndikuwafuna momwemo. Akuti mawu ananena pamaso pa anthu, ndipo a Iness adikira mokwanira, nawonso ndi mlongo wa munthu. Sindingawatsutse, chifukwa inenso tsiku lina ndidzakuitanani inu chimodzimodzi. Mwambo wosudzula udzachitika Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa, kuti akafike ku Neno mvula yodzalira isanagwe. Pakali pano asamukira m'chipinda cha amayi chija, akuti agonemoko masiku otsalawa.

Pempho langa ndi ili. Kapempheni tchuthi kwa akapitawo anu, mubwere. Khadi lachipani musaliiwale, pa siteji ya basi paboma akumafunsa. Mukafika musadzapepese, ndipo musadzaonetse kuti ndakuuzani, chifukwa anandiletsa. Mudzangoyamikira zitseko zawo, ndi zabwinodi. Bokosi la zida ndi lolemera ndipo njira ya ku Neno ndi yokwera, akukana kuti munthu wina aliyense awanyamulire, koma inu sadzakukanizani.

Amalume a Jailosi akupereka moni, akuti mudzawabweretsere misomali akhomenso khola la nkhunda. Alamu anu a Timoti ndi ana akuti moni wambiri. Abambo ali pompano pamene ndikulemba, akuganiza kuti ndi kalata yothokoza chabe. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu, ndipo akuti ndilembe ndendende monga anenera: “Umuuze kuti ali ndi diso, wasankha bwino. Umuuze kuti wandithandiza.”

Ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Esinati