Kaisha Yachitatu ya ku Oldbury

New Cross, Wolverhampton

Okondedwa achimwene a Norman,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi ukupola? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba msanga.

Mukukumbuka ku Lizulu tili ana, amalonda a tsidya la Mozambiki ankatcha bokosi la tomato kuti kaisha? Bambo ankatiletsa kunyamulira munthu kaisha yotseka powoloka msewu, ngakhale atatilonjeza zitumbuwa. Mawu amenewa ndawamvanso kuno kwa a Saulos, bambo wa ku Angoniya amene amatumiza katundu wa anthu kumudzi pa kontena kudzera ku Beira. Kwa iwo bokosi ndi kaisha, polipirira mu shopu ndi kaisha, mtsikana wokhala pamenepo nayenso ndi kaisha. Atandilankhula Chichewa chakwathu, mtima wanga unangomasuka. Mwina ndi pamene ndinapusira.

Loweruka ndinapititsa mabokosi awiri ku shedi yawo ku Oldbury: mabulangete a amayi, ndodo yawo yoyendera ndi nsapato za ana. Posaina ndinaona kuti alemba atatu. Bokosi lachitatulo linali pakona, lomata tepi mbali zonse, dzina langa ndi lanu zili pamwamba. Anati ndi mankhwala a m'bale wawo wodwala ku Dedza, ndipo dzina la nesi ngati ine silivuta pa boda. Nditapempha kuti alitsegule anaseka, nati ife ophunzira timakayikira ndi chithunzithunzi chathu chomwe. Ndinasaina, achimwene. Mpaka pano sindikudzimvetsa.

Mwina ndikuwachimwira. Kutchalitchi aliyense amawatama, ndipo mnzanga Rose akuti ndimaganiza mopyola. Komatu Rose yemweyo a Saulos anamuuza kuti m'bokosimo muli zitsulo za galimoto. Mankhwala asanduka liti zitsulo? Ndinabwerera kuti akafute dzina langa, anati kontena yatsekedwa kale. Ngati m'bokosimo muli zoletsedwa, unesi wanga ndi viza zathera pompo, inunso apolisi akupezani pakhomo.

Pempho langa ndi limodzi. Akakuimbirani kuti katundu wafika ku Lilongwe, musapite nokha, mutenge amalume a Justus. Mukalandire awiri okha amene ndalembapo ndi dzanja langa. Lachitatulo musakalikhudze kapena kulisainira, ngakhale akuuzeni kuti ndawatuma ndine. Amayi musawauze, BP ingawakwere.

Moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse.

Sindinalembe pa foni poti yanuyo imadutsa m'manja mwa ambiri. Mapepalawa ndawapinda, ndikumupatsira Esnart wa kwa azakhali amene akukwera ndege mawa. Wafika kale pakhomo, ndamuuza kuti asapatse wina aliyense koma inu.

Ine mlongo wanu,
Madalo