Phazi la Ababa

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'malere, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Dzana pafoni alamu anaulula mosadziwa. Nditawafunsa za ababa anati, "Akupezako bwino, dzanja layamba kugwira kapu." Dzanja liti? Nditawafunsa choncho, ananena zonse: kuti ababa anagwa m'bafa mwezi watha, anafa ziwalo mbali yakumanja, ndipo munapangana kuti ine ndisamve mpaka mayeso atatha. Musawakalipire alamuwo. Ndinakwiya, ndinalira, koma tsopano ndikupempha mundimvere.

Chimvereni nkhaniyi, miyendo ili kuno koma mutu uli kwanuko. M'chipinda chathu chovinira, cha magalasi khoma lonse, aphunzitsi anaimitsa nyimbo chifukwa cha ine. "Iwe Kamphepo, ukuvina kapena ukuthamangira basi?" Anzanga anafa nako kuseka. Masana kubwalo lamasewero ndinagwetsa mipiringidzo yonse imene ndimailumpha bwinobwino masiku onse.

Paja ababa amati munthu sapita ku yunivesite kukaphunzira kugwedeza chiuno ndi kuthamanga. Sindiwasungira chakukhosi. Koma chaka chino, Lachiwiri lililonse, amatitumiza ku holo ya pachipatala kukathandiza anthu amene akuphunziranso kuyenda. Ine anandipatsa bambo ena, kale ankayendetsa malole, aukali ngati ababa omwe. Poyamba ankakaniratu kuimirira. "Mwana iwe, wandiyesa chidole chako?" Tsiku lina ndinaleka kuwanyengerera, ndinangoyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono ndikung'ung'udza kanyimbo. Achemwali, phazi lolemeralo linasuntha! Anachoka pampando mpaka kukagwira zenera, akunditukwana njira yonse, misozi ili chuchuchu.

Dzulo ndinapita kukafunsa adokotala a kumeneko za ababa. Akuti miyezi yoyambirirayi ndiyo yofunika. Munthu akangogona, thupi limazolowera kugona.

Chandimanga miyendo n'chakuti mayeso a zovina ali kumapeto kwa mwezi uno, ndipo timavina awiriawiri. Ndikachoka, mnzanga amene ndimavina naye alephera nane limodzi, ndipo tonse tibwereza chaka. Ndafika kale pokwerera basi, chikwama kumsana, kondakitala n'kundigwira dzanja, ine n'kubwerera. Mnzangayo anandipeza ndikumasula chikwama, anangoti, "Ukafuna kupita pita, sindikudandaula," koma maso ake anali ofiira. Ndiye ndasankha: nditsala, tivine, ndipo ndikangovula nsapato zovinira ndikwera basi.

Pakadali pano chonde ababa musawasiye pabedi tsiku lonse. Mufunse kaye adokotala awo, akalola muziwakhazika pampando wolimba, mapazi onse pansi. Inu muziwomba m'manja, iwo aziponda. Alamu aziima mbali yodwalayo. Ababa akakalipa asiyeni akalipe, bola phazi liponde.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nawonso azipumula, asadzidwalitse. Ana muwauze kuti amayi awo aang'ono abwera ndi mpira. Kwa ababa musanene kuti ndinalira. Mungowauza kuti ndikubwera, ndipo ndikadzagogoda, wina aliyense asadzuke. Ndikufuna chitseko adzanditsegulire okha, ngakhale ndidikire panja mpaka dzuwa litapendeka.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Kamphepo