Marloes Wabwerera pa Uvuni

Sneek, 9 Novembala 2023

Okondedwa achemwali a Tjitske,

Ndikhulupirira mwendo uja wayamba kukulolani kuyenda. Kuno kwazizira, ndipo ku bekare kwathu anthu sakulankhulana.

Marloes, mtsikana wophika buledi amene munamuyamikira luso uja, analemba dandaulo kuti mwana wanga Wiebe amamugwira m'chiuno akamadutsana pa uvuni. Ine ndinaganiza zomuteteza. M'mawa mwake ndinamuchotsa pa uvuni n'kumuika kutsogolo kogulitsira, kutali ndi Wiebe, pa ntchito yopepuka. Iye anangopachika epuloni.

Loya wathu, a Boonstra, atamva anavula magalasi. Anati pamaso pa lamulo ndamulanga chifukwa chodandaula, pakuti mtsikanayo anaphunzira kuphika, osati kukulunga buledi m'mapepala. Ndinawauza kuti mtima wanga unali wabwino.

"Mayi, khoti siliona mtima. Limaona amene wasunthidwa. Wodandaula asasunthe."

Malangizo awo ndi awa: Marloes abwerere pa uvuni, ndisamuitanire pambali, moni ndisachepetse ndiponso ndisaonjeze. Achemwali, ine wowerenga mazira ndi makiyi, lero ndikuwerenga moni. Wofufuza wapadera abwera Lolemba, ndipo kufikira atamaliza, awiriwo sayenera kugwira ntchito pamodzi.

Ndinamuuza Wiebe dzulo akukanda ufa. Anaseka, nati malowo ndi opanikiza, aliyense amakhudzana ndi mnzake. Ndinamukumbutsa kuti atate ake anagwira ntchito pomwepo zaka makumi atatu popanda wodandaula. Kuseka kunatha.

"Ndiye mwasankha wantchito, Amayi?"

"Ndasankha kuti makiyi uwasiye patebulo."

Anawaponya mu ufa. Ndinawatola, onse asanu, n'kuwapukuta.

Za atsikana awiri amene anasiya ntchito chaka chatha musandifunse. Wofufuza adzafunsa yekha.

Pempho langa ndi ili: konzani chipinda cha m'mwamba. Wiebe afika kwanu ku Maastricht Loweruka pa sitima ya masana. Musamuweruze, komanso musamuuze kuti walakwiridwa, ngakhale ndikudziwa mmene mumamukondera. Tchizi chokhwima chija amachikondabe.

Marloes waphika lero m'mawa. Buledi watuluka bwino, ndipo ndamuuza zikomo kamodzi, monga ndichitira ndi aliyense.

Moni kwa alamu. Mwanayo akafika mumukumbatire inu. Ine pakali pano manja anga akukana.

Ndine mng'ono wanu,
Aukje