Tsiku Limene Amayi Anasiya Kundimva

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Kodi muli bwanji inu, alamu anga ndi ana? Chifuwa chija chimakuvutani mukapuma fumbi la matabwa chinaleka, kapena mukukanabe kuvala kansalu kapamphuno? Ine kuno ndilipo. Thupi lili bwino, kungoti bondo lakumanja layambanso kulira ndikamakwera masitepe. Za mtima musafunse.

Mudabwa kuona kalata, poti zaka ziwiri zonsezi takhala tikulankhulana pa foni. Pepala ndalisankha dala. Pepala silinamizira netiweki, ndipo silidula munthu asanamalize. Muwerenge mpaka pansi, achimwene, ngakhale pena pakuwaweni. Inenso ndikulemba zikundiwawa.

Ntchito ikuyenda monga kale. Agogo amene ndimawasamalira aja akadali ndi makani awo. Mapiritsi amawabisa kunsi kwa lilime, ndikangotembenuka n'kuwalavulira mumphika wa duwa, moti duwalo lanenepa kuposa eni ake. Chikepe cha m'nyumba yathu chinawonongeka mwezi watha, ndiye timakwera wapansi mpaka nsanjika yachinayi, madzi ndi zogula zili m'manja. Mnzanga wogona naye chipinda, uja amagwira kophika buledi, ndi amene wandigulira envulopu iyi. Akuti watopa kundiona ndikutukwana khoma.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Amayi anamwalira, ndipo inu simunandiuze. Ndamva kwa munthu wakunja, patadutsa miyezi iwiri ndi kanthu. Mpaka lero tsiku lake sindikulidziwa, ndipo tsikulo ndi limene likundisowetsa tulo. Ndikufotokozerani chifukwa chake, ngakhale ndikukhulupirira kuti mukuchidziwa kale.

Mukukumbukira mmene ndinachokera pakhomopo. M'mawa wa ulendo wanga amayi anabisa pasipoti yanga, ati mwana wamkazi sapita kutali chotero yekhayekha. Tinaifuna nyumba yonse, inu mukutembenuza matiresi, galimoto ikuliza hutala panja, mpaka tinaipeza m'chitini chawo cha ulusi ndi mabatani. Ine ndi pakamwa pangapa mumandidziwa. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti akufuna ndiolere pakhomo ngati iwowo, ndipo kuti ndikapita ndapita, ngakhale pamaliro awo sadzandiona. Iwo anangondikonzera kolala ya bulauzi n'kulowa m'nyumba.

Chaka chonse choyamba tinkalankhulana Lamulungu lililonse masana. Tinkakamba za nkhuku, za kukwera mtengo kwa sopo, za bondo langali, koma mawu aja panalibe wowakhudza. Ndinkadziuza kuti zoterezi sapepesera pa foni, ndidzapepesa maso ndi maso nditagwada. Kenako sitiroko inawagwira n'kuwatseka pakamwa. Ndi inu amene munapeza nzeru yoti muziwaikira foni pakhutu, ine ndizilankhula, iwo azingomva. Ndinkamva kupuma kwawo, pena kakubuula pang'ono, ndipo zinkandikwanira. Ndinkakutamandani kwa aliyense kuno kuti ndili ndi mlongo wamtima wabwino.

Lamulungu loyamba la Malichi ndinalimba mtima, nditaona kuti kudikira kundichedwetsa. Ndinadzitsekera m'bafa, poti m'nyumba muno ndi mokhamo muli chitseko chokhala ndi loko. Ndinakupemphani kuti mutsamiritse foni papilo inu mutuluke. Ndinagwada pasimenti n'kunena zonse: kuti ndinalankhula ngati wamisala, kuti pasipoti ija anaibisa chifukwa cha chikondi, kuti andichotsere mawu aja pamutu. Nditamaliza ndinamva kuusa moyo kwakutali, ngati kwa munthu amene watula mtolo. Ndinati basi, amayi andikhululukira. Sabata imeneyo masitepe aja ndinkawakwera awiriawiri.

Masabata atatu apitawo, mwana wa agogowa anaganiza zopita nawo kudziko loyandikana nalo kukaonana ndi dokotala wa maso, ine wokankha njinga yawo ya olumala. Ndinakuuziranitu kuti Lamulungu limenelo sindiimba, chifukwa laini yanga ya kuno ikangodutsa malire imafa. Munati palibe vuto, amayi muwafotokozera. Tinakwera sitima Loweruka, dokotala anali wa Lolemba.

Lamulungu masana tili m'chipinda cha hotela, agogo akuwodzera, ola lathu lija linakwana ndipo manja anayamba kundiyabwa. Ndinakumbukira simu yanga yakumudzi, ija ndimaisunga yokulunga m'kapepala kuseri kwa kachikwama, imene inuyo mumaithirira timayunitsi mwezi ndi mwezi kuti asaitseke. Ndinatsegula foni ndi kawaya ka ndolo n'kuilowetsa. Inadzuka ndithu, ikuonetsa dzina la kampani yachilendo, ndipo panabwera uthenga wochenjeza kuti kuimba uli kunja kumadya mayunitsi ngati moto. Ndinati ngakhale mphindi ziwiri zokha, amayi angomva kuti sindinawaiwale.

Foni yanu inaitana mpaka kudula, kawiri konse. Ya alamu inali yozimitsa. Ndili pafupi kuchotsa simuyo, ndinaona kuti manambala onse akale a anthu apamudzipo ali momwemo, amene ndinkayesa kuti ndinawataya. Ndinapeza ya mayi atelala a kuseri kwa mpanda wathu. Ndinati ndiwapemphe athamange ndi foni yawo akawaikire amayi pakhutu, si patali.

Atangozindikira mawu anga anayamba kulira. Anandipepesa, ati akhala akusowa nambala yanga ya kuno, ati ndilimbe mtima poti amayi anapita mwamtendere ndipo anthu anabwera ambiri kudzawaperekeza. Ine chitsiru ndinafunsa kuti akunena amayi ake a ndani. Iwo sanandimve, anangopitiriza kuti uthenga wanga umene inu munawerenga pamaliro unaliza anthu, makamaka pamene ndinati mtima wanga uli pomwepo ngakhale thupi lili kutali. Uthenga wanga, achimwene? Ndinaulemba liti? Ndinakuwa kufunsa tsiku limene zinachitika, koma asanayankhe foni inaduka. Mayunitsi anali atatha.

Ndinakhala pamphepete pa bedi, foni ili m'manja. Posakhalitsa agogo aja anadzuka n'kuitana kuti akufuna kuchimbudzi. Ndinanyamuka, ndinawanyamula, ndinawapukuta, ndinawapaka mafuta kumapazi, mayi wa eni ake. Anandifunsa kuti madzi akuwadonthera pamwendo akuchokera kuti, ine ndinati ndi chimfine. Masiku atatu ndinakankha njinga ija m'makonde a chipatala cha maso, wopanda munthu womuuza, wopanda foni yogwira.

Titabwerera Lachitatu ndinakuimbirani ndisanavule n'komwe nsapato. Sindinanene kuti ndamva kanthu. Ndinangokupemphani kuti muwaikire amayi foni pakhutu poti ndawasowa. Munandiyankha kuti lero si Lamulungu, amayi angomwa phala ndipo akugona, tisawadzutse. Mawu anu sananjenjemere ngakhale pang'ono. Ndikuuzeni zoona, kumva za imfa kunandipweteka, koma phala limenelo ndi limene linandimaliza.

Ndinatchula mayi atelala, makina ocheka matabwa akulira kumbuyo kwanu. Kenako munati sizinali za inu nokha, banja linakhala pansi, amalume ndi azakhali anagwirizana. Munati chilolezo changa cha ntchito sichilola kuti ndichoke zaka zitatu zisanakwane, ndipo poti ine ndine Kaliwiro, monga mwakhala mukunditchulira kuyambira ndili mwana, ndikadakwera ndege tsiku lomwelo n'kutaya zonse. Munati mumafuna kudzandiuza ndikadzabwera kutchuthi. Munati nditaimba Lamulungu lotsatira maliro munasowa poyambira, ndiye alamu anatenga foni n'kukagona nayo pabedi la amayi, ndipo kuyambira pamenepo zinangopitirira.

Mwina munanena zoona kuti ndikadathamanga. Koma ntchitoyo ndi yanga, mayiyo anali wanganso, ndipo kusankha kunali kwanga. Mukadandibisira sabata imodzi kapena ziwiri, bwenzi ndikuti ndi mantha a munthu. Koma kundigonekera mkazi wanu pabedi la amayi kuti azindipumira m'khutu Lamulungu ndi Lamulungu? Koma inu! Ndinkaimba nyimbo zimene amayi ankakonda, mawu anga oipawa. Ndinkanena zinthu zimene mkazi amauza mayi ake okha, za m'thupi mwanga, za mwamuna uja anandikhumudwitsa kuno. Inu nthawi imeneyo munkaima pati? Munkayang'ana wotchi, kapena munkatsina milomo kuti musaseke? Mwandiyesa chidole, achimwene, ndipo manyazi amene ndili nawo sindidziwa kowaika.

Kenako ndinakufunsani tsiku. Simunalitchule. Munangoti ndisadandaule, zonse zija ndinapepesa amayi anazimva asanapite. Ine sindinakuuzenipo kuti ndinapepesa. Tsiku lija ndinakutulutsani m'chipinda. Amayi pakamwa panali potseka. Nanga anakuuzani ndani? Ndinadula foni chifukwa ndikadapitiriza ndikadalankhulanso mawu ena oti ndidzawalirire moyo wonse.

Mayi atelala ndinawaimbiranso ndi laini ya kuno. Anati mutu wawo ndi wakale, mwina kunali kumapeto kwa Febuluwale, mwina kumayambiriro kwa Malichi. Nditawakakamiza anati za m'banja la eni salowerera. Zikuoneka kuti wina anawadutsira kale kukawatseka pakamwa. Ndiye ndatsala pakatikati, sabata imodzi mbali iyi kapena mbali iyo, ndipo moyo wanga wonse wapachikika pamenepo. Ndimawerenga kalendala ya kukhitchini ya agogowa mpaka mwana wawo wandifunsa ngati ndikuyembekezera alendo.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire pepala lakuchipatala lotsimikiza imfa ya amayi, lija limakhala ndi chidindo ndi tsiku. Mumupatse dalaivala yemweyu wabweretsa kalatayi, amabwerera kuno pakatha masabata awiri. Musandiuze tsikulo pa foni, ndipo musandilembere ndi dzanja lanu. Chifundo chanu ndachidziwa tsopano, mutha kulisuntha tsikulo kuti mundisangalatse. Ngati pepalalo latayika, pitani mukapemphe lina komweko, musapite kwa anyamata okonza mapepala abodza aja.

Likadzaonetsa kuti anapita Lamulungu lija ndinapepesa litadutsa, ndidzalira maliro ngati mwana wina aliyense, ndipo zinazi tidzakambirana pang'onopang'ono. Likadzaonetsa kuti anali atapita kale, ndiye kuti amayi anatsikira m'manda ndi mawu anga aja, ndipo ine ndinachitadi zimene ndinawalonjeza, pamaliro awo sanandione. Katundu ameneyo ndi wanga, ndinadzimangira ndekha, ndipo ndidzamusenza. Chokhacho, ndimusenze ndikudziwa, osati wina azindinyamulira mwakuba.

Sindikukukanani ubale. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ndikudziwa kuti ndi inu amene munawatembenuza amayi pabedi chaka chonse ine ndili kuno. Zimenezo sindidzaiwala. Koma foni yanu sindiimba mpaka pepalalo lifike, ndipo mukaimba sindiyankha. Musadabwe, ndiponso musatume ana kuti andiimbire.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, muwauze kuti za msonkhano wawo ndamva. Moni kwa ana onse, wamkuluyo alimbikire sukulu, nsapato zake ndampatsa dalaivala. Moni kwa mayi atelala, ndipo chonde musawakalipire, poti mpaka lero munthu amene wandipepesa maliro a mayi anga ndi iwo okha.

Kwa alamu anga moninso. Zimene anamva pabedi paja azisunge, sizinali zawo. Ndipo ngati kuusa moyo kuja kunali kwawo, muwauze kuti kukhululuka kumene anandipatsa ndawabwezera, sikunali kwawo kuti apereke.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Kaliwiro