Mafuta a Achimwene Anu Atsika

Mlamu wanga,

Pepani ndi kalembedwe, sukulu sindinapite nayo patali. Muli bwanji kumeneko? Kuno ana ali bwino.

Achimwene anu agonekedwa m'chipatala, chimfine chija chinalowa m'chifuwa. Dzulo adokotala anati mafuta a m'magazi mwawo atsika kwambiri. Ine ndinawomba m'manja, paja chaka chonse akhala akutiuza kuti tiwatsitse. Adokotala sanamwetulire. Akuti matendawa akakula, mafuta amatsika okha.

Achimwene anu anati, "Akazi anga, kagulenitu nyama yonona tiwabwezeretse." Pofuna kuseka, chifuwa chinawatsamwitsa.

Lero awasunthira pafupi ndi anamwino, awaika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Ngati kuntchito angakuloleni, musadikire kutha kwa mwezi.

Magazi awatenganso m'mawa uno. Zotsatira sizinabwere.

Ndine mlamu wanu.